Agogo Sanagwe Pa Lichero, Akudwala

Lero ndalemba motalika, ndipo ndikupemphani kuti mupirire nane kufikira kumapeto, pakuti nkhaniyi ikukhudza khomo lililonse limene lili ndi munthu wa imvi.

Pali mbiri ina imene si yachilendo m'makutu mwathu, kaya tikhala kwa Mkanda, ku Kapiri, kwa Kamwendo kapena ku Waliranji. Kukacha m'mawa, imamveka mfuu yakuti pakhomo pa uje apezapo agogo achilendo, ali chiimire kuseri kwa nkhokwe, chitenje chagwa, mapazi ali fumbi lokhalokha. Akafunsidwa dzina, akuyankha zina. Akafunsidwa kumene achokera, akutchula mudzi umene palibe akuudziwa. Pomwepo mlandu watha kuweruzidwa: mfiti yagwa pa lichero, kunja kwaichera. Anyamata atola miyala, ena atulutsa mafoni kujambula, ndipo dzuwa lisanafike pamutu kanemayo wafala pa WhatsApp.

Abale anga, nthawi zambiri munthu ameneyo ndi wodwala. Ali ndi matenda a ubongo amene madokotala amawatcha dementia, amene m'chinenero chathu tingati matenda oiwalaiwala a muukalamba. Kwinakwake, mwina midzi isanu kuchokera pamenepo, kuli mwana wawo wamkazi amene wachezera usiku wonse ndi tochi m'manja, akuunika m'madimba ndi m'zitsime, akuitana mayi ake mpaka mawu kusasa. Amene ife tikuwakuwiza pabwalo ndi omwewo amene iye akuwafuna.

Matendawa si atsopano, ndipo sasankha khungu. M'chaka cha 1906 dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokozera madokotala anzake za mayi wina amene anayamba kuiwala, kusokera m'nyumba yake yomwe, ndi kukayikira mwamuna wake popanda chifukwa. Mayiyo atamwalira, dokotalayo anapima ubongo wake, napeza kuti unafota ndipo munali timibulu ndi tiulusi tachilendo. Mtundu umenewo ndiwo umatchedwa matenda a Alzheimer kufikira lero. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dementia, kuti ambiri mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, ndiponso kuti mwa odwala 10 aliwonse, 6 kapena 7 ali ndi mtundu wa Alzheimer. Mtundu wina umabwera pamene timitsempha ta magazi ta mu ubongo tatsekeka kapena kuwonongeka, makamaka mwa anthu a BP, a shuga ndi amene anagwapo sitiroko. Kachasu wa zaka zambiri nayenso amadya ubongo. Dziwaninso kuti si nkhalamba iliyonse imene imafika pamenepa. Tili nawo agogo a zaka 90 amene amatchula mibadwo ya mudzi wonse osaphonya ndi mmodzi yemwe. Ukalamba pawokha si matenda.

Kuti mumvetse mmene matendawa amayendera, taganizirani nkhokwe. Chimanga chimene chinathiridwa poyamba chili pansi, chothiridwa dzulo chili pamwamba. Zokumbukira za munthu zimaunjikana chimodzimodzi, ndipo matendawa amayamba kudya chapamwamba. N'chifukwa chake agogo amaiwala kuti adya nsima posachedwapa, nadandaula kwa alendo kuti pakhomo pano akuwamana chakudya, koma nyimbo za paubwana wawo akuziimba osalakwitsa. N'chifukwa chake boma lathu lino akulitchabe Fort Manning, ndipo ndalama akuwerengera m'mapaundi ndi mashereni ngakhale kwacha inabwera m'chaka cha 1971. Chapamwamba chikatha, munthu amatsala akukhala m'zaka zakale, thupi lili pakati pathu.

Tsopano onani mmene zizindikiro za matendawa zikufananira ndi zimene tinaphunzitsidwa kuti ndizo ntchito za mfiti. Odwala ambiri amasokonezeka kwambiri dzuwa likamalowa, ndipo tulo timawathawa. Mayi amene anabwera kuchitengwa zaka 60 zapitazo kuchokera kutsidya, cha ku Chipata, amamanga kamtolo madzulo, nati akupita kwawo chifukwa amayi awo akuwadikira. Bambo amene anagwirapo ntchito kumigodi ya ku Kitwe kapena ku Joni amadzuka pakati pa usiku, nati achedwa kuntchito. Akatuluka, njira yobwerera saidziwanso. Ndipo inu mukudziwa malire athu mmene alili: m'malo ambiri ndi kanjira ka pakati pa minda, kotero kuti munthu akhoza kutulukira m'dziko la Zambia osadziwa, pakati pa anthu amene sanamuonepo.

Amavula chifukwa akumva kutentha, kapena anyowetsa chovala, kapena aiwala kamangidwe kake. Amacheza ndi amuna awo amene tinawaika m'manda kalekale, chifukwa kwa iwo malirowo sanachitike. Amabisa ndalama pansi pa mphasa, naiwala, nanena kuti apongozi awo awabera. Ena amaona anthu m'nyumba amene ife sitikuwaona. Mayi amene moyo wake wonse sanatulutsepo mawu oipa amayamba kutukwana, pakuti mbali ya ubongo imene imagwira lilime yafooka. Ndipo tsiku lowawa koposa onse limafika, pamene amayang'ana mwana wobala okha namufunsa kuti, kodi inu ndinu yani?

Wina adzati, koma akulu ampingo, agogo aja anavomera okha pamaso pa anthu. Imvani bwino apa. Munthu amene ubongo wake wafooka, atazingidwa ndi khamu lokuwa, ali ndi njala, ludzu ndi mantha, amavomera chilichonse chimene chaikidwa m'kamwa mwake. Mukafunsa kuti mwabwera pa ndege, adzati inde. Mukafunsa kuti munali ndi yani, adzatchula mayina amene atsala m'mutu mwake, a abale ake ndi a anzake a kumpingo, ndipo mayina amenewo mawa adzasanduka mndandanda wa anthu oti awotcheredwe nyumba. Mutamufunsa modekha ngati wabwera pa ngolo, adzavomeranso. Umboni wotere sungaime pabwalo la mfumu iliyonse yanzeru.

Tiyeni tikumbutsane kuti anthu amenewa ndi ayani. Ndi mbadwo umene unaika ana awo m'manda pa zaka zija Edzi inkasesa midzi, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa kwaulere m'chaka cha 2004. Ndi iwo amene anatola ana amasiye, nawaphikira, nawalimira ndi misana yopindika, nagulitsa nkhuku ndi mtedza kuti agule makope. Pamene boma linkayesa koyamba ndondomeko ya Mtukula Pakhomo m'chaka cha 2006, linayambira kuno ku Mchinji, ndipo makomo ambiri amene analembedwa anali a agogo olera zidzukulu. Ambiri mwa inu amene mukuwerenga pa foni lero munakulira pamsana pa agogo otere. Kodi n'zoona kuti amene anakusungani muli osadziwa kanthu, asanduke mfiti tsopano pamene iwo ndiwo sakudziwa kanthu? Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ine ndiwonjeza kuti usamuonenso kuchepa nzeru.

Kumene kulozana chala kumeneku kumathera tonse tinakuona. M'mwezi wa January 2016, ku Neno, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi anthu a kwawo komwe, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Kumapeto kwa chaka cha 2022, ku Mzimba, amayi awiri okalamba anazunzidwa kumanda nakakamizidwa kukwirira okha dzenje, ndipo dziko lonse linaonera kanema wake. Bungwe loyankhulira anthu achikulire la MANEPO lakhala likulira chaka ndi chaka kuti okalamba akuphedwa m'dziko muno pa mlandu womwewu. Si onse onenezedwa ufiti amene ali ndi matenda oiwalaiwala. Ena mlandu wawo ndi imvi basi, ena ndi umasiye, ndipo ena, tinene mosabisa, ndi munda kapena dimba limene wachibale akulisirira. Koma wodwala matendawa ndiye wosavuta kumusemera chinyau, pakuti sangathe kudziyankhira.

Lamulo la dziko lino silinakhale chete. Lamulo la zaufiti la m'chaka cha 1911, limene likugwirabe ntchito, likuti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, kumwetsa mwabvi ndi mlandu, ndipo kudzitcha wogwira mfiti ndi mlandunso. M'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lapadera loteteza anthu achikulire. Amene akuponya mwala, amene akuloza chala ndi amene akuitana mlauli kuti adzasese mudzi, onsewo angathe kukayankha kukhoti.

Ndikudziwa funso limene lili m'mitima ya ena: kodi mkulu wa mpingoyu akuti kunja kuno kulibe zoipa? Buku Lopatulika limaletsa nyanga ndi matsenga, ndipo pamenepo sindikutsutsa. Koma pa Deuteronomo 18 pomwepo, woombeza ula ali pa mndandanda womwewo wa zoletsedwa. Mkhristu amene wapita kwa sing'anga kapena kwa mneneri wa masiku ano kuti amuuze amene anapha mwana wake, walowa yekha m'chimene akuti akudana nacho. Mutu wotsatira, wa 19, ukufuna mboni ziwiri kapena zitatu munthu asanatsutsidwe, ndipo ukuika chilango pa mboni yonama. Maloto si mboni. Kubwebweta kwa mwana wa malungo si mboni. Maso ofiira a mayi amene waphika pa nkhuni zaka 70 si mboni. Lamulo lachisanu ndi chinayi lija timaliloweza m'kalasi, loletsa kunamizira mnzathu, silinapatule okalamba.

Buku lomwelo limadziwa ukalamba ndi zofooka zake. Pa 2 Samueli 19 tikumana ndi Barizilai, nkhalamba ya zaka 80 imene inadyetsa mfumu Davide pothawa. Davide atafuna kumutengera ku Yerusalemu, iye anakana, nafotokoza kuti lilime lake silimvanso kukoma kwa chakudya ndipo makutu ake samvanso oimba, napempha kuti akafere kwawo pafupi ndi manda a makolo ake. Davide sanamunyoze kapena kumukakamiza. Anamupsompsona, namudalitsa, namulola kubwerera kumudzi. Ambuye wathu yemwe, ali pamtanda, anaonetsetsa kuti mayi ake ali ndi khomo lowasunga.

Koma ndingakhale wosalungama ndikangodzudzula, osayang'ana mtolo umene uli m'makomo. Kusamala munthu wa matendawa n'kolemetsa kwambiri. Kawirikawiri mtolowu umagwera munthu mmodzi, mwana wamkazi amene anatsala pamudzi, kapena mdzukulu wamtsikana amene wasiyitsidwa sukulu. Iyeyo ndiye amachapa zofunda tsiku ndi tsiku, kuyankha funso limodzimodzi kakhumi, kugona khutu lili kuchitseko, kenako n'kutchedwa wakuba ndi munthu yemwe akumusambitsayo. Fodya ndi soya zikumudikira kumunda, koma sangachoke pakhomo. Akatopa, ena amatsekera agogo m'kanyumba, ena amawamanga mwendo ndi chingwe. Zimenezi n'zoipa ndipo ziyenera kuleka, koma nthawi zambiri zimachokera m'kutopa kwa munthu wosiyidwa yekha. Mutu umodzi susenza denga.

Inu ana amene muli m'tauni ndi kunja, ndalama ya pa Mpamba kapena Airtel Money ndi yabwino, pitirizani kutumiza. Koma mlongo wanu kumudzi akusowanso tulo. Bwerani mudzamulandire sabata imodzi kuti apume. Musafike pa Khrisimasi, n'kumva amayi akuti sanadye masiku atatu, n'kuyamba kukalipa musanafunse. Inu eni mbumba, atsibweni ndi amalume, itanani banja mukhale pansi, mugawane masiku ndi zofunika, ndipo minda ya agogo ilembedwe poyera mfumu ikuona, kuti pasapezeke wina wopindula ndi kudwala kwawo. Musathamangire kuwasamutsira ku tauni, pakuti malo achilendo amawonjezera kusokonezeka. Pakhomo pawo, mtengo wa mango ndi njira ya kuchitsime zimawauza kumene ali.

Nazi zina zimene banja lililonse lingachite. Choyamba, pitani nawo kuchipatala, kaya chaching'ono cha kwanuko kapena chachikulu cha paboma, mutatenga kabuku kawo, ndipo apite ndi munthu amene amakhala nawo kuti akafotokoze bwino. Akayezedwe BP, shuga ndi magazi. Mankhwala ochiziratu matenda a Alzheimer sanapezeke, koma pali zina zimene zimafanana nawo zimene zimachizika. Makamaka ngati kusokonezeka kwabwera mwadzidzidzi, m'masiku awiri kapena atatu, thamangani tsiku lomwelo, pakuti akhoza kukhala malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo kapena sitiroko. Dementia imabwera pang'onopang'ono, pa miyezi ndi zaka. Pakafunika akatswiri a matenda a maganizo, achipatala adzakulozerani njira, ndipo ku Lilongwe kulinso chipatala cha St John of God chimene chimathandiza pa zotere.

Chachiwiri, musabise. Manyazi ndiwo amaphetsa. Auzeni amfumu, anansi, alangizi a zaumoyo, achitetezo a m'mudzi ndi anyamata a kabaza kuti agogo akudwala matenda oiwala, ndipo akawaona panjira awabweze. Sokererani kansalu kolembedwa dzina, mudzi ndi nambala ya foni pa zovala zawo. Mangani kabelu kapena chitini cha timiyala pachitseko kuti mumve akamatuluka usiku. Moto, mankhwala a mbewu ndi zitsime zosatseka zikhale kutali ndi iwo.

Chachitatu, musalimbane nawo. Akati akufuna kupita kwa amayi awo, musawauze kuti amayiwo anamwalira kalekale, pakuti adzalira maliro atsopano tsiku lililonse. Afunseni kuti amayiwo ankaphika ndiwo zanji, yendani nawo pang'ono, kenako bwererani kunyumba mukamwe phala. Akati mwawabera, musalumbire, athandizeni kufunafuna. Apatseni ntchito zimene manja awo akuzikumbukirabe, monga kutongola chimanga, kusenda mtedza ndi kusankha nyemba. Yankhulani nawo mwaulemu monga kale, pakuti ngakhale aiwale dzina lanu, amamva ngati mawu anu ali achikondi kapena aukali.

Ndipo inu amene mudzapeze agogo achilendo pakhomo panu m'mawa, yambani mwawafunditsa chitenje. Akhazikeni pamphasa, apatseni madzi ndi phala, balalitsani ana ndi ojambula, ndipo tumizani uthenga kwa amfumu ndi kupolisi, kumene kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Ngati chithunzi chiyenera kuyenda pa foni, chikhale cha agogo ovala bwino, cholembedwa kuti tathandizeni kupeza abale awo. Pafunika munthu mmodzi yekha wolimba mtima kuimirira pakati pa khamu ndi nkhalamba. Munthu ameneyo akhale inu.

Tsopano nditembenukire kwa ife a mpingo. Akulu anzanga ndi atumiki, tiwerenge m'milaga yathu kuti ndi angati amene analeka kubwera kutchalitchi chifukwa cha matendawa, ndipo ndi liti pamene tinawayendera komaliza. Mkhristu wotere akatukwana kapena kuvula, si nkhani ya kubwalo la mpingo. Sitiika munthu pa chilango chifukwa cha khungu kapena kugontha, choncho tisamuikenso chifukwa cha ubongo wodwala. Tipemphe abusa kuti Mgonero uziwafika kunyumba. Amayi a Chigwirizano, mumadziwa kale kugawana ntchito pa maliro. Gawananinso masiku okakhala ndi agogo amoyo, kuti wowasamala apite kumunda, kumsika kapena angogona. Achinyamata a kwaya, pitani mukawaimbire nyimbo zakale za m'buku. Mudzadabwa kuona munthu amene sadziwa dzina la mwana wake akutsatira ndime zonse, popeza nyimbo zili pansi penipeni pa nkhokwe ija. Pa 21 September dziko lonse limakumbukira matenda a Alzheimer, ndipo pa 1 October limakumbukira anthu achikulire. N'chiyani chingatiletse kupatula Sabata limodzi pakati pa masiku amenewa, kuitana wachipatala kuti adzaphunzitse mpingo wonse?

Ena mwa inu mumadzifunsa mumtima kuti, mayi anga aiwala kupemphera, aiwala ngakhale dzina la Yesu, kodi chipulumutso chawo chili bwanji? Limbani mtima. Chipangano sichinamangidwe pa kukumbukira kwathu. Werengani Yesaya 46 ndi 49, mudzaona kuti wolonjeza kunyamula anthu ake kufikira imvi, ndi kusawaiwala ngakhale mayi ataiwala khanda lake, ndi Mulungu mwini. Tinabatizidwa ambiri a ife tili makanda osadziwa kanthu, ndipo Iye anatidziwa. Adzatidziwanso tikadzabwerera pa kusadziwa kanthu.

Pomaliza, dzisamaleni inunso amene mukadali ndi mphamvu. Yezetsani BP ndi shuga, imwani mankhwala mokhulupirika, chepetsani mchere, lekani fodya ndi mowa, pakuti zimenezi zimateteza ubongo. Koma ngakhale mutachita zonsezi, palibe amene analonjezedwa kuti adzafika kumanda nzeru zili zonse. Masiku ano Amalawi tikukhala ndi moyo zaka zambiri kuposa kale, ndipo okalamba adzachuluka m'midzi mwathu. Ana athu akuonera mmene tikuchitira ndi agogo awo, ndipo akuphunzira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Werengerani uthengawu amene alibe foni, ndipo ukafike kwa amfumu a kwanu. Ambuye akudalitseni inu nonse, makamaka inu amene usiku uno mugona khutu lili kuchitseko. Amen.